Chigumula Chimene Ndinalalikira ku Kabwata

Kabwata, Lusaka
Lachinayi masana

Fatsani mwana wanga,

Ndapempha kuweruka msanga ku ofesi lero, ndipo ndakhala patebulo pano amayi ako ali kumsika, iwe uli ku Chelstone kotsanzika anzako. Mawa ukukwera ndege. Zimene zili m'kalata muno sindingathe kukuuza pakamwa, paja ine ndi iwe tikayamba kulankhula timathera pa nkhani ya nsapato ndi mabasi. Tsono werenga mpaka kumapeto, usadumphe.

Nkhani ndi ya kalata yako ya umboni. Ukudziwa kuti sukulu ya zaumulungu ukupitayo inanenetsa kuti popanda kalata ya mpingo wako, yosayinidwa ndi m'busa komanso mlembi wa mpingo, sakakulandira. Abusa Sakala anasayina masabata asanu apitawo. Mlembi wa mpingo ndine, atate ako, ndipo mzere wanga wakhala wopanda kanthu masabata onsewa. Unandifunsa katatu. Koyamba ndinati chidindo chauma inki. Kachiwiri ndinati kiyi wa kabati ali ndi mkulu wina wa ku Makeni. Kachitatu ndinakukalipira kuti kodi ukundiyesa kalaliki wako. Onsewo anali mabodza. Inki ilimo, kiyi ali m'thumba mwangamu. Chimene chinandigwira dzanja ndi nsanje, ndipo ndalemba dzina lake poyera kuti usavutike kuifunira dzina laulemu.

Kuti umvetse, ndiyambire kwathu kum'mawa, pamishoni, ufulu usanabwere. Ine ndi Abusa Sakala tinali kalasi imodzi. Masiku amenewo sanali abusa ayi, anali Limbikani basi, wa ming'alu kumapazi ngati ine, ndipo masamu ankaonera kwa ine. Panali mzungu wa mishoni amene tinkamutcha Chindevu. Iyeyu anali ndi mabuku a zolemba zakale za Ayuda, zija sizinalowe nawo m'Malemba athu, ndipo ankazimasulira pang'onopang'ono m'Chinyanja kuti aziphunzitsira alaliki. Anandiphunzitsa kutayipa. Zaka zitatu ndinkakhala pakhonde pake, iye akuyendayenda n'kumanena mawu, ine ndikugogoda makina. Ndi pakhonde pamenepo pamene ndinamva za angelo olonda amene anatsikira paphiri, n'kulumbirirana kuti wina asabwerere m'mbuyo, n'kukwatira ana aakazi a anthu. Anaphunzitsa amuna kusula mipeni ndi mikondo, akazi kudzipaka m'maso, onse kukumba mizu ya matsenga. Ana awo anabadwa zimphona zimene zinadya zonse zimene anthu ankalima. Zakumunda zitatha zinayamba ziweto, ziweto zitatha zinayamba anthuwo, mpaka nthaka yeniyeniyo inakadandaula kumwamba. Chigumula chinabwera kudzatsuka zimenezo. Angelo aja anamangidwa manja ndi miyendo n'kuponyedwa m'dzenje la mdima, kuti adikire tsiku lalikulu pamene mabuku adzatsegulidwe, ndipo chiweruzo chachiwiricho sichidzakhalanso cha madzi koma cha moto. Ine ndinkazidziwa zonsezi pamtima. Limbikani ndikamamufotokozera ankayasamula, akufuna tikasewere mpira.

Chaka china kunabwera malo amodzi okaphunzira kunja. Ndinadziwa kuti ndi anga, motero sindinapemphe. Ndinkati ntchito yanga ikundipemphera yokha. Limbikani analowa mu ofesi manja kumbuyo n'kunena kuti akufuna kupita, ndipo anapita. Chindevu pondiuza anandigwira paphewa, amvekere, "Ganizani, ukapita iwe, adzanditayipira ndani?" Ine chitsiru ndinayankha kuti, "Inde bwana," ndikumwetulira ngati andiyamika. Fatsani, kumene ukupitako, chimene ukuchifuna uchipemphe ndi pakamwa pako. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo ukaona mphunzitsi akukukonda chifukwa umamunyamulira bwino mabuku, chenjera, angakusunge pakhonde mpaka imvi.

Chimene ndinatuluka nacho pamishoni ndi makope a kaboni, aja ali m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi. Ndinabwera nawo ku Lusaka kuno pamodzi ndi bulangete limodzi. Ukukumbuka chaka chija unadwala chikuku, uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri? Maso ako anali atatupa, sunkatha kuona bwino, ndipo masana onse a Sabata ndinkakuwerengera mapepala amenewo pansi pa mgwafa uja tinadula. Unandifunsa kuti, "Atate, nanga ana aang'ono amene anamira aja analakwa chiyani?" Mumtima ndinanyada kuti mwana wanga ali ndi mutu. Mbewu imeneyo ndinabzala ndine, pakhomo pano pa Kabwata. Utakula unayamba kukwera basi Loweruka lililonse kupita ku Woodlands kwa Abusa Sakala kukaphunzira zilembo za Chihebri, zimene ine sindidziwa ngakhale chimodzi. Unkabwerako utakhuta, ndiwo za amayi ako osazikhudza, pakamwa pali "Abusa akuti, Abusa akuti." Ndiye Sabata lija anakuimika kutsogolo kwa mpingo kulengeza za ulendo wako, unathokoza "atate anga mu uzimu, amene ananditsegulira zolemba zakale." Anthu anawomba m'manja. Ine ndinali nditakhala pampando wa mlembi, mapazi atatu kuchokera pamene unaima, kalata yako ili m'buku langa. Ndinatseka bukulo.

Usaganize kuti nsanje imeneyi yayamba ndi iwe. Ufulu utabwera, Limbikani anabwerera ali Abusa Sakala, kolala yoyera pakhosi. Anamupatsa nyumba ya mpanda ku Woodlands kumene kale munthu wakuda ankangolowa kukatchetcha kapinga. Kenaka galimoto. Kenaka ankaitanidwa ku Kabulonga kukapempherera maukwati a ana a nduna. Ine ndinali ndikutayipabe, kungoti tsopano makalata a boma ku Longacres, ndipo Loweruka ndinkaima pamzere wa ufa ndi mafuta ophikira, khadi la Chipani m'thumba. Sabata loyamba limene anafika mumpingo mwathu anandikumbatira pamaso pa anthu, n'kutiitana kuti tikadye kwawo. Ndinati ndili ndi chimfine. Anaitananso, ndinati ndili ndi ntchito. Amayi ako anandiyang'ana n'kuti, "Atate ake Fatsani, chimfine chanu ndikuchidziwa. Chili ndi matayala anayi." Ndinakhala masiku awiri osawalankhula, chifukwa ananena zoona. Kumeneko ukakumana ndi mnzako wanzeru kukuposa, amene aphunzitsi adzamutchula dzina iwe uli pomwepo. Upite ukadye kwake sabata yomweyo, mtima usanaume. Ukazengereza chaka chimodzi, udzazengereza zaka makumi awiri monga atate ako.

Tsopano ndikuuze chimene sunamvepo, chifukwa unali kusekondale yogonera konko ndipo amayi ako anandisungira manyazi. Chinali chaka chija mvula inagwa osaleka mpaka madzi anadzaza ku Kanyama, nyumba za zidina zosawotcha n'kumagwa. Mumpingo mwathu akulu timalalikira mosinthana, ndipo Sabata limenelo linali langa. Ndinatulutsa makope anga a kaboni. Ndinati lero Limbikani aone kuti wotayipa uja amadziwa zimene iye anakaphunzira kunja. Ndinaima pagome n'kuyamba za zimphona. Ndinati zimphona zilipo lero, zimakhala m'mipanda, zimadya thukuta la anthu, anzawo ali pamzere wa ufa. Ndinati apamwamba amenewa mayina awo alembedwa kale m'mabuku akumwamba. Maso anga onse anali pa Abusa Sakala, amene anakhala pambali manja atapinda. Mpingo unkavomera, ine mutu n'kukula. Ndiye ndinapitirira malire. Ndinamenya gome n'kunena kuti madzi a Mulungu sasokera khomo, amene madzi amupeza ndiye kuti mlandu wake wapezeka, ndipo chigumula chimene tikuchionachi n'kulawa chabe kwa moto ukubwera.

Pabenchi yachitatu kumbali ya amayi panali Amayi Daka, a chigwirizano cha amayi, amene ankayenda pansi kuchokera ku Kanyama Sabata lililonse. Ndinkadziwa kuti nyumba yawo yagwa. Ndinkadziwa kuti amuna awo tawaika Lachinayi la sabata yomweyo, pakuti ndine ndinalemba dzina lawo m'buku la omwalira. Koma ndili pagome paja sindinawaone n'komwe, m'maso mwanga munadzaza munthu mmodzi. Mapemphero atatha ndinaima pakhomo kupereka moni monga amachitira wolalikira. Amayi Daka anafika, chitenje chakuda kumutu, n'kuima. Sanakweze mawu. Anati, "A Mbewe, ndingofunsako. Amuna anga khoma linawagwera akutulutsa ana m'madzi. Ndiye kuti mlandu wawo unapezeka?" Ndinangotambasula dzanja kuti ndiwapatse moni. Anadikira pang'ono, n'kudutsa osandigwira dzanja, ndipo sanapondenso m'tchalitchi mwathu. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ine ndinaponya mwala ndithu, khoswe sanakhudzidwe, mkhate n'kusweka. Ndinaiwala chinthu chimene mwana aliyense wa mu Lusaka amadziwa, kuti madzi sakwera ku Woodlands kapena ku Kabulonga, amatsikira kwa amphawi. Ndinapitako ku Kanyama patapita miyezi, mochedwa, ndipo anandiuza kuti anabwerera kumudzi ndi ana awo.

Sizinathere pomwepo. Masiku ano mawu a m'tchalitchi ali ndi miyendo. Lachiwiri lake kunabwera amuna awiri a masuti, apolisi achinsinsi, ku ofesi kwathu, n'kukhala pamphepete pa tebulo langa. Wina anandipatsa moni, anati, "Shani, ba Mbewe? Tamva munakamba za apamwamba amene akudya dziko. Tifuna mutiuzeko maina." Anati abweranso Lachisanu, ndipo ine ndinayamba kuganiza za kumene amayi ako adzapite nanu akandichotsa ntchito kapena kunditsekera. Lachisanu linafika, iwo sanabwere. Ndinamva pambuyo pake kwa dalaivala wina kuti Abusa Sakala anawalondola okha, atanyamula mabuku awo aakulu aja, n'kukhala nawo m'mawa wonse kuwaonetsa kuti zimphona ndi nkhani ya Ayuda akalekale, mkulu wa mpingo amangophunzitsa mbiri. Abusawo ankadziwa bwino lomwe kuti chimphona chimene ndinkanena ndi iwowo. Mpaka lero sananditchulirepo. Amayi ako anati ndipite ndikathokoze, ine sindinapite. Kupulumutsidwa ndi munthu amene umamuchitira nsanje kumawawa kuposa kutukwanidwa naye, ndipo ndinamuda kwambiri kuposa kale.

Tsono tamvera, Fatsani, chifukwa apa ndi pamene pali mutu wa kalatayi. Zolemba ukukaphunzirazo n'zotsekemera kwambiri kwa munthu wa chakukhosi. Zimakupatsa dzenje, maunyolo, moto, ndi buku la mayina, iwe n'kungotsala kulembamo mnansi wako. Amene anazilemba anali anthu oponderezedwa ndi mafumu achilendo, ena anathawira m'chipululu n'kubisa mipukutu yawo m'mitsuko m'mapanga. Iwowo polira kuti Mulungu aweruze anali ndi mabala enieni. Bala langa linali galimoto ya mnzanga. Tsiku limene udzaime kulalikira za chiweruzo, uyambe wadzifunsa kuti ukuona nkhope ya yani. Ngati nkhopeyo ili ndi dzina ndi nambala ya nyumba, khala pansi, alalikire wina. Ukaima ndithu, uyang'ane mabenchi onse, udziwe amene waika maliro sabata imeneyo. Ndipo funso lako lija la ana aang'ono amene anamira usalitaye chifukwa wapeza digiri. Ndikanakhala nalo m'mutu tsiku lija, sindikanamenya gome.

M'makope angawo muli tsamba lina limene ndinatayipa ndi zala zangazi koma polalikira ndinalidumpha. Limanena za mkulu uja wokhoma chingalawa, kuti ataona dziko likupendekeka, chiwonongeko chayandikira, sanasangalale kuti adani ake atha. Anathamanga kukafuna agogo ake, akulira ndi mawu owawa. Munthu wolungama yekhayo m'dziko lonse anachita mantha, pamene ine wa ku Kabwata ndinkanyambita milomo. Ukakafika ukalifune tsamba limenelo m'chinenero chake, ukaone ngati Chindevu anamasulira bwino. Zonse zimene ine ndimadziwa zinadutsa m'kamwa mwa mzungu uja, ndipo paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Iwe ukawerenga ndi maso ako. Ndikamaganiza zimenezi pamtima pamandiwotcha, sindikubisira. Ndimakunyadira ndipo ndimakuchitira nsanje, zonse ziwiri nthawi imodzi, mwana wobala ndekha.

Zina n'zazing'ono koma uzimvere. Juzi imene amayi ako aluka uivale ngakhale ikuoneka yachimidzi, kumeneko kuzizira si kwa mwezi wa Juni kuno. M'makalata ako usalembe za Chipani kapena za mizere ya ufa, ngakhale moseka, makalata ochokera kunja amafika atatopa ndi kuwerengedwa. Azungu akakufunsa za kwanu usawanamize kuti uwasangalatse, ndipo usatinyoze kuti akukonde. Amayi ako uziwalembera m'Chinyanja chenicheni, osati chija cha pa siteshoni ya mabasi chimene mumalankhula ndi anzako, chosadziwika mutu ndi mchira. Ukadzabwerako n'kupeza mkulu wa mpingo wosaphunzira akulakwitsa dzina la mngelo, usamukonze pagulu. Za akazi amayi ako akuuza kale, ndipo anena bwino kuposa mmene ndikananenera.

Dzulo nthawi ya chakudya chamasana Abusa Sakala anabwera ku Longacres. Anaimika galimoto yawo ija panja n'kulowa mpaka patebulo langa. Sananene kuti "a mlembi" monga amachitira. Anati, "Ganizani." Ndinali ndisanamve dzina langa m'kamwa mwawo chichokere pamishoni. Anati, "Ndinamuuza mnyamata kuti wachiwiri kwa mlembi akhoza kusayina, malamulo a mpingo amalola. Wakana." Ndinafunsa kuti wakana bwanji, ndege ili mkuja. Anati, "Akuti ngati atate ake sakumuchitira umboni, ndiye kuti pali chimene aona mwa iye, ndipo sangapite kukaphunzira za Mulungu ndi kalata yozembetsa. Wandifunsa ngati ndikudziwa tchimo lake. Sutikesi wamanga, koma akuti popanda dzina lako sakwera." Atatero ananyamuka. Sanandilalikire, ndipo mwina zikanandipepukira akanatero.

Ndinakhala pamenepo pepala lili m'makina, osatha kugogoda chilembo n'chimodzi chomwe. Masabata asanu, mwana wanga, iwe ukudzifufuza, ukufuna tchimo limene atate ako aona. Ndiye chifukwa chake wakhala ukudya pang'ono, ndiye chifukwa chake Lolemba unandipukutira nsapato osakutuma. Ine ndinkati ukundinyengerera. Ndinachita kwa Amayi Daka ndili pagome, ndabwerezanso kwa iwe ndili chete, kusenzetsa munthu wosalakwa mlandu umene uli wanga.

Tsono imva bwino, ndipo ukafuna uwerenge kawiri. Palibe chimene ndaona mwa iwe. Ndakuyang'ana zaka makumi awiri ndi zitatu ndi maso a munthu wofuna chifukwa, ndipo sindinachipeze. Mawu aja unanena m'tchalitchi anandipweteka, koma si tchimo, Abusa Sakala anakuphunzitsadi. Kalata yako ili mu envelopu yomweyi. Ndasayina dzina langa lonse, ndadinda chidindo, ndipo pansi pa mawu a masiku onse aja ndawonjezera mzere umodzi ndi dzanja langa, wakuti wochitira umboniyu ndi atate ake ndipo amamudziwa kuyambira tsiku lobadwa.

Usaganize kuti ndachira. Mawa ku bwalo la ndege Abusa adzapemphera pemphero lalitali lokoma, anthu adzati amen, ndipo ine ndidzaima kumbuyo ndi sutikesi yako, pamtima pakundiwotcha monga kale. Ngakhale mawu ako aja, akuti popanda dzina langa sukwera, mawu abwino koposa onse amene munthu ananenapo za ine, unakawanena ku Woodlands. Ndinawamva kuchokera m'kamwa mwa Limbikani. Ulendo wina ukakhala ndi mawu otere, Fatsani, udzandiuze ineyo. Pita bwino, Mulungu akusunge.

Ndine atate ako,
Ganizani Mbewe